Lipoti langa la kagulidwe ka mtedza labwezedwa, ndiyambire pati kulikonza?

Nachisale, Kanengo:

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga a pagulu lino. Ndimagwira ntchito mu ofesi yogula katundu pa kampani ina yaing'ono yopanga chiponde kuno ku Lilongwe. Mwezi wathawu abwana anandituma kuti ndifufuze ngati kuli kwanzeru kusiya kugula mtedza kwa mavenda amene amatibweretsera pakhomo, n'kuyamba kukagula tokha ku makalabu a alimi ku Mchinji. Ndinatha masabata atatu ndikuwerenga pa intaneti, ndipo ndinalemba lipoti la masamba 18 lofotokoza mbiri ya ulimi wa mtedza m'Malawi, mitundu ya mbewu monga CG7, Chalimbana ndi Nsinjiro, vuto la chuku, komanso ubwino ndi kuipa kwa njira ziwirizo. Lipotilo labwerera pa desiki panga lili ndi funso limodzi lolembedwa pamanja pamwamba pa tsamba loyamba, lakuti, "Ndiye tichite chiyani?" Zinandiwawa chifukwa ndinaikapo mtima wanga wonse, koma nditaliwerenganso ndaona kuti abwana sanalakwe, pakuti palibe ndime ngakhale imodzi imene ndinanena zoti kampani ichite. Andipatsa masabata awiri oti ndilembenso, ndipo nyengo yogula mtedza yayandikira. Ndikupempha inu amene munalembapo malipoti otere kuti mundiunikire.

A Mbewe, Blantyre:

Achemwali, musataye mtima, chifukwa vuto lanu ndi limene ndinkaliona pafupifupi sabata iliyonse pa zaka zimene ndinkawerenga mapempho a ngongole za bizinesi ndisanapume pantchito. Anthu ambiri amalemba lipoti la kuntchito ngati mmene ankalembera kusukulu, kumene cholinga chinali kuonetsa aphunzitsi kuti wawerenga mabuku ambiri. Abwana anu mbiri ya mtedza akuidziwa kale, mwinanso kuposa inu, ndipo chimene akusowa ndi munthu woti awathandize kusankha pakati pa njira ziwiri zimene zonse zikudya ndalama zawo. Musanatsegulenso kompyuta, tengani pepala ndipo mulembe funso limene kampani ikufuna kuyankha m'chiganizo chimodzi chokha, chokhala ndi nyengo yake ndi muyeso wake. Mwachitsanzo, mungalembe kuti, kodi pa nyengo yogula ya chaka chino, kugula ku makalabu a ku Mchinji kudzatipatsa mtedza wabwino pa mtengo wotsika poyerekeza ndi wa mavenda, tikawerengera zonse mpaka thumba litalowa m'fakitale? Kenaka muyende nalo funsolo tsamba ndi tsamba m'lipoti lanu lakale, ndipo ndime iliyonse imene sikuthandiza kuliyankha muichotse, ngakhale munaivutikira chotani. Polemba latsopanolo, yankho lanu likhale pa tsamba loyamba, pamodzi ndi ndalama zofunika, zifukwa zikuluzikulu, ndi tsiku limene chigamulo chiyenera kupangidwa. Zina zonse ndi umboni wotsatira pambuyo, woti munthu wokayika akaufufuze.

Nangondo, Mchinji:

Ine ndine mlangizi wa zaulimi kuno, ndipo chimene chandidetsa nkhawa m'mawu anu, achemwali, ndi chakuti masabata atatu onsewo munathera pa intaneti, pamene kuchokera ku Lilongwe kufika kuno ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12, woti mukhoza kupita m'mawa n'kubwerera madzulo. Zinthu zimene zidzagwetse kapena kuimika ganizo lanu sizinalembedwe pa intaneti. Mukafika pa Kamwendo kapena pa Kapiri tsiku la msika, mudzaona nokha kuti mlimi amene analonjeza ku kalabu kuti asunga mtedza wake amaugulitsa kwa venda tsiku limene mwana wadwala kapena fizi ya sukulu yafunika, chifukwa venda amalipira pompopompo, pamene makampani ambiri amanena kuti ndalama zidzabwera pakatha masabata. Ngati kampani yanu sidzatha kulipira tsiku lomwelo, kaya ndi ndalama zapamanja kaya kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndiye kuti matani amene akomiti ya kalabu adzakuuzeni kuti alipo adzakhala a pakamwa chabe.

Palinso nkhani ya chinyezi, imene kwa inu opanga chiponde ndi yaikulu kuposa mtengo. Pali chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe pouswa, ndipo ena amachita zimenezi pofuna kuti ulemere pa sikelo. Mtedza wotero ukaikidwa m'thumba usanaumenso bwino umachita chuku, ndipo poizoni wake saoneka ndi maso, komanso satheratu pokazinga. Choncho pofunsa alimi musangofunsa mtengo. Afunseni mmene amaumitsira akakumba, ngati amaunjika pa mulu woti mpweya uzidutsa kapena amangoyanika pa dothi, ngati amagulitsa wosaswa kapena woswa, komanso amene amauswa ndi mmene amaswera. Musafunse atcheyamani okha, chifukwa iwo amafuna msika ndipo adzakuuzani zokoma. Khalani pansi ndi amayi, amene ndiwo amagwira ntchito yaikulu yothothola, kuswa ndi kusankha. Ndipo musanapite kumudzi, yambani mwafika ku ofesi ya zaulimi ya m'deralo kuti akulozereni makalabu amene ali ndi mabuku olembedwa bwino a zaka zapitazi.

A Gondwe, Mzuzu:

Ndikugwirizana ndi a Nangondo, koma monga munthu wowerengera ndalama ndiwonjezere za ziwerengero. Chiwerengero chilichonse chimene mwaika m'lipoti chikhale ndi zinthu ziwiri pambali pake: kumene mwachitenga ndi tsiku lake. M'dziko muno mtengo wopanda tsiku ndi wosocheretsa. Kumbukirani kuti mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, moti dola imene inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700 tsiku limodzi. Lipoti labwino kwambiri la bungwe lina lolembedwa mu 2021 likhoza kukuuzani zoona za kalimidwe, koma mitengo yake ya thiransipoti, matumba ndi aganyu ilibenso ntchito lero. Pa za kukwera kwa mitengo, National Statistical Office ku Zomba imatulutsa ziwerengero mwezi ndi mwezi. Mtengo wa dizilo muutenge pa chilengezo chomaliza cha MERA (bungwe la boma lolengeza mitengo ya mafuta), chiwongoladzanja mufunse ku banki imene kampani yanu imasungako ndalama, ndipo mitengo yoyambira kugulira mbewu kwa alimi imalengezedwa ndi Unduna wa Zaulimi chaka ndi chaka nyengo yokolola ikamayandikira.

Koma chachikulu ndi ichi: musafanizire mtengo wa pa sikelo ku Mchinji ndi mtengo wa venda pa geti ku Kanengo, chifukwa zinthu ziwirizo si zofanana. Mu mtengo wa venda muli kale galimoto, matumba, onyamula, kutayika kwa m'njira ndi chiopsezo choyenda ndi ndalama kumudzi. Mukakagula nokha, zonsezo zigwera inu, kuphatikizapo malipiro a kalaliki wa pa sikelo, lendi ya posungira, mlonda, ndi chiwongoladzanja cha ndalama zimene mudzabwereke kuti mugule mtedza wambiri nthawi imodzi. Fanizirani mtengo wa kilogalamu ya mtedza wosankhidwa kale, woti ulowe m'makina. Tiyerekeze kuti mwagula makilogalamu 100 ndipo posankha mwataya 10 owola ndi onyala. Apo ndiye kuti kilogalamu iliyonse yotsalayo yakwera mtengo ndi 11 peresenti, ndipo kusiyana kumene kunkaoneka kwakukulu pa pepala kukhoza kuthera pomwepo.

Nachisale, Kanengo:

Zikomo kwambiri bambo Mbewe, mayi Nangondo ndi bambo Gondwe. Ndavomereza kuti sindinapite kumunda, ndipo mitengo ina ndinaitenga m'lipoti la zaka zinayi zapitazo osaganizira za kugwa kwa kwacha. Komabe ndili ndi nkhawa ina imene ndikuona kuti ndiyo inandichititsa kulemba mozungulira. Ine ndine wamng'ono pa kampanipo, m'zaka ndi pa udindo pomwe, ndipo abwana ndi munthu wa msinkhu wa bambo anga. Kulemba pa tsamba loyamba kuti kampani ichite chakutichakuti kukundimvekera ngati ndikulamula akulu. Kuwonjezera apo, mmodzi mwa mavenda amene amatibweretsera mtedza wakhala akugulitsa pa kampanipo kwa zaka zambiri ndipo ndi wodziwana kwambiri ndi akuluakulu ena. Ndingalembe bwanji zoona popanda kuoneka wamwano kapena wofuna kuwonongera wina bizinesi?

Naphiri, Zomba:

Mwana wanga, funso lako ndi lenileni ndipo usachite nalo manyazi, chifukwa tonse tinaleredwa kuti mwana sauza wamkulu zochita. Ndakhala ndikuphunzitsa kalembedwe ka makalata ndi malipoti kwa zaka zambiri, ndipo ndaona kuti ophunzira athu aulemu kwambiri ndiwo amalemba ziganizo zodzaza ndi "mwina", "kapena" ndi "zingathe kuganiziridwa", mpaka wowerenga osadziwa chimene wolembayo akukhulupirira. Koma taganizira za nduna ya mfumu pa bwalo. Mfumu ikaituma kukaona malire a munda amene anthu akukanganirana, ndunayo ikabwerako simafotokoza mbiri ya mudzi. Imanena mwaulemu chimene yaona ndi mmene ikuganizira kuti mlanduwo ugamulidwe, kenaka imasiyira mfumu kugamula. Abwana ako anakutuma iwo eni, ndipo kubwerako wopanda yankho ndiko kuwachepetsa, chifukwa wawatayitsa nthawi. Ulemu uuike m'kalankhulidwe, pomwe ganizo lako likhale loonekera. Ukhoza kulemba kuti, potengera zimene ndapeza, ndikupempha kuti oyang'anira kampani avomereze chakuti, pa zifukwa izi. Liwu lakuti "mwina" ulisungire malo amene ukukayikadi, ndipo pamenepo unene chimene chikukukayikitsa ndi chimene chingachitike kuti chitsimikizike.

Za vendayo, usatchule munthu m'lipoti ngati woipa. Lemba za mtedza wa mavenda onse monga njira imodzi yogulira, ndipo ziwerengero ndizo ziyankhule.

A Mbewe, Blantyre:

Mayi Naphiri anena zoona, koma pa nkhani ya venda ine ndikuona mosiyanako pang'ono. Kusatchula dzina sikudzabisa kanthu pa kampani yaing'ono pamene aliyense akudziwa amene amabweretsa mtedza. Chimene chingakutetezeni, achemwali, ndi kupita kwa abwana musanalembe, n'kupempha mphindi khumi zokha kuti muwafunse chimene chinawachititsa kuganiza zosintha kagulidwe. Ngati chikuwavuta ndi mtengo, kafukufuku wanu aloze kumeneko. Ngati ndi madandaulo a masitolo pa ubwino wa chiponde, kapena akufuna kuyamba kugulitsa kunja, ndiye kuti nkhani ndi ya chuku, ndipo lipoti lake ndi lina ndithu, chifukwa misika ngati ya European Union salola poizoni wa chuku kupitirira magawo 4 pa biliyoni mu mtedza woti anthu adye. Safunsa anadya phula. Mukadziwa chimene chili kumtima kwawo, mugwirizane nawo miyeso yoweruzira njira ziwirizo musanasonkhanitse umboni, kuti pamapeto pasadzapezeke wonena kuti munasankha miyeso yokomera mbali imodzi. Ndipo mavendawo muwafunsenso maganizo awo monga mmene mufunsire alimi, chifukwa nawonso ali ndi zimene akudziwa, ndipo mwina akhoza kuvomera kubweretsa mtedza wosaswa kapena woyezedwa chinyezi mutawawonjezera pang'ono.

A Tembo, Lilongwe:

Ine ndangomaliza kumene maphunziro a zamalonda, ndipo ndikufuna kufunsa akuluakulu ngati si chanzeru kugwiritsa ntchito mapulogalamu a pa intaneti amene amalemba okha munthu ukawafunsa. Masabata awiri ndi ochepa, ndipo mapulogalamuwa amasanja lipoti mwadongosolo ndi Chingerezi chosalala m'mphindi zochepa.

A Gondwe, Mzuzu:

Achimwene, pokonza Chingerezi kapena kufupikitsa ndime yaitali akhoza kuthandiza, ndipo ine sindiletsa. Koma vuto la a Nachisale silinali Chingerezi. Pulogalamuyo sinapiteko pa Kapiri, sidziwa mtengo wa lole ya matani khumi sabata ino, ndipo ikasowa chiwerengero imatha kupeka china chooneka ngati choona, n'kuchipatsanso dzina la bungwe limene silinanenepo zimenezo. Tsiku la msonkhano, wofunsidwa kuti chiwerengerochi chachokera kuti adzakhala a Nachisale. Komanso mitengo imene kampani imagulira katundu ndi chinsinsi cha kampaniyo, choncho si bwino kuiika m'mapulogalamu otere popanda chilolezo.

Ndikumbutsenso gwero lina limene tonse taliiwala, lomwe lili pafupi kuposa Mchinji. Kampani yanu, achemwali, ili ndi mabuku a kusitolo, malisiti a zimene munalipira mavenda, ndi zolemba za amene amasankha mtedza. Mukatenga za nyengo ziwiri kapena zitatu zapitazi n'kuziika mu Excel mwezi ndi mwezi, mudzaona mtengo umene munkagulira mu June poyerekeza ndi mu December, kuchuluka kwa umene unkatayidwa posankha, ndi masiku amene makina anaima chifukwa chosowa mtedza. Umboni wochokera m'mabuku awo omwe abwana sangaukane, ndipo ndiwo udzakhale poyambira kuyeza njira yatsopanoyo.

Nangondo, Mchinji:

Ndibwererenso pang'ono, chifukwa ndikuona kuti tonse tikukamba ngati njira zilipo ziwiri zokha, kusiya mavenda kapena kukhala nawo. Kalabu imene sinagulitsepo ku kampani imafunika nyengo imodzi kapena ziwiri kuti izolowere kusankha mtedza pa muyeso umene fakitale ikufuna, ndipo kampani nayonso imafunika kuphunzira kulipira pa nthawi yake. Lipoti loona mtima likhoza kupempha kuti chaka chino muyese ndi makalabu awiri kapena atatu pa gawo laling'ono la mtedza umene mumafuna, uku mavenda akupitiriza kubweretsa wotsalawo, ndipo munene pasadakhale chimene mudzayeze kumapeto kwa nyengo kuti mudziwe ngati kuyesako kwapindula. Musaiwale kuikamo zofunika pa lamulo, monga chilolezo chogulira mbewu ndi sikelo yoyezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, chifukwa alimi kuno anapwetekedwapo kwambiri ndi masikelo obera, ndipo akangokayika sikelo yanu tsiku loyamba, mbiriyo ifika midzi yonse dzuwa lisanalowe.

Naphiri, Zomba:

Pa kalembedwe penipeni, ndikuuze njira imene ndimapatsa ophunzira anga. Ndikudziwa kuti lipotilo lidzakhala m'Chingerezi monga mmene zilili m'maofesi athu ambiri, koma usanalembe, khala pansi ndi munthu wa kunyumba amene sadziwa za ntchito yako, ndipo umufotokozere m'Chichewa zimene wapeza ndi zimene ukupempha, osapitirira mphindi ziwiri. Ukaona kuti ukuzungulira kapena ukuthawira ku mawu a Chingerezi akuluakulu, dziwa kuti ganizolo silinapse, ndipo kulemba sikudzalipsetsa. Chingerezi chimatilola kubisala kuseri kwa mawu aatali amene sitingathe kuwamasulira, pamene chiyankhulo chathu chimatikakamiza kunena amene achite chinthu, chimene achite ndi tsiku lake. Ukamaliza kulemba, ulisiye usiku umodzi, m'mawa uliwerenge mokweza, ndipo paliponse pamene mpweya wakuthera chiganizo chisanathe, uchidule pawiri. Upatsenso mnzako wa ku ofesi ya zachuma kuti ayese kuligwetsa, chifukwa kuli bwino cholakwa chipezeke ndi mnzako Lachiwiri kusiyana ndi kupezeka ndi abwana Lachisanu pamaso pa anthu. Chinthu china chimene olemba achinyamata amaopa ndi kuika m'lipoti umboni wotsutsana ndi ganizo lawo. Uuike ndithu, ndipo unene chifukwa chake ukuimabe pa ganizo lakolo, pakuti wowerenga akaupeza yekha kwina adzakayikira lipoti lonse.

Nachisale, Kanengo:

Ndabweranso patatha masiku asanu ndi anayi kuti ndikudziwitseni mmene zayendera. Ndinapita kwa abwana monga ananenera bambo Mbewe, ndipo ndinapeza kuti nkhawa yawo yaikulu si mtengo ayi, koma sitolo ina yaikulu imene yayamba kufuna zotsatira za kuyeza chuku pa katundu aliyense amene timapereka. Zimenezi zinasintha funso lonse. M'mabuku a kusitolo ndinapeza kuti mtedza umene timataya kwambiri posankha ndi wogulidwa mvula itayamba, osati wa nthawi yokolola, ndipo zimenezi sindikanazipeza pa intaneti. Ndinakhala masiku awiri ku Mchinji, ndinacheza ndi makalabu atatu ndi mavenda awiri, ndipo amayi a kalabu ina anandiuza mosabisa kuti angakonde kugulitsa wosaswa chifukwa kuswa ndi manja kumawadyera masiku ambiri. Lipoti latsopano lili ndi masamba anayi ndi matebulo awiri kumapeto. Ndikupempha kuti tiyese kugula mtedza wosaswa ku makalabu awiri nyengo ino, tiuswe tokha, ndipo mtedza wa mbali zonse ziwiri uziyezedwa mofanana. Ndanenanso poyera kuti njira imeneyi ikhoza kukhala yodula chaka choyamba, chifukwa tidzanyamula makoko amene sitidzawagwiritsa ntchito komanso tidzafunika makina oswera. Chimene chandivuta ndi kuwerengera kuti pa thumba la wosaswa timapezamo mtedza wochuluka bwanji, chifukwa kalabu iliyonse inandiuza zosiyana. Mayi Nangondo, ndiike chiwerengero chiti?

Nangondo, Mchinji:

Achemwali, musaike cha aliyense wa iwo, ndipo changa chomwe musachitenge, chifukwa zimasiyana malinga ndi mtundu wa mbewu, mmene mvula inathera, ndi mmene mtedzawo unakhwimira pokumba. Popeza mwatsala ndi masiku ochepa, pemphani kalabu iliyonse mwa ziwirizo kuti ikugulitseni makilogalamu 10 a wosaswa otapidwa m'matumba osiyanasiyana, osati m'thumba limodzi limene iwo asankha. Muuyeze pa sikelo ya ku fakitale, muuswe, musankhe monga mmene mumasankhira masiku onse, kenaka muyezenso wabwino payekha, wonyala payekha ndi makoko paokha. M'lipoti mulembe zotsatira za makalabu onse awiri, tsiku limene munayeza ndi mtundu wa mbewu, ndipo powerengera ndalama mugwiritse ntchito chotsika mwa ziwirizo. Munenenso kuti mtedza umene mwayezawo ndi wa chaka chatha, ndipo mudzayezanso watsopano ukangouma. Lachinayi kuli galimoto ya ku ofesi kwathu yobwera ku Lilongwe, choncho mukalankhula ndi akomiti a makalabuwo lero, ndikhoza kukutengerani timatumbato n'kukusiyirani pa Kanengo masana.